Funsani Adokotala: Kodi wodwala mtima aziyenda kapena azingogona?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno onse achokera m'boma la Kasungu, ndipo ngakhale olemba ake ndi anthu a misinkhu yosiyana, onse akufunsa za kugwiritsa ntchito thupi pamene mtima uli ndi vuto. Mayankho ali m'munsiwa sakulowa m'malo mwa dokotala amene anakuyezani, chifukwa iyeyo ndi amene anamvetsera kugunda kwa mtima wanu ndipo akudziwa mankhwala amene mukumwa.

FUNSO

Adokotala, bambo anga a zaka 64 anagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri yapitayo atatupa miyendo ndi mimba, ndipo ankabanika kwambiri moti usiku ankagona chokhala. Atawaunika anati mtima wawo wafooka chifukwa cha BP imene anakhala nayo nthawi yaitali osadziwa. Panopa kutupa kunaphwa, akumwa Lasix ndi enalapril tsiku lililonse, ndipo akudya bwino. Titapita kukliniki mwezi watha anawauza kuti ayambe kuyenda pang'onopang'ono, koma amayi ndi azakhali akukanitsitsa, akuti mtima wodwala sufuna kuugwedeza. Tsopano bambo amangokhala pamphasa pakhonde, madzi osamba amachita kuwanyamulira, ndipo ngakhale kutchalitchi anasiya kupita. Ine ndikuona kuti miyendo yawo ikuwonda ndipo nkhope yawo ndi yakugwa. Timvere ndani?

Mwana wawo wamkazi, Chamama

YANKHO

Mayi, mverani zimene anakuuzani kukliniki, chifukwa malinga ndi mmene mwafotokozera, bambo anu afika pamene kuyenda kwakhala mbali ya chithandizo chawo, mofanana ndi mapiritsi amene akumwawo. Komabe amayi anu ndi azakhali musawaone ngati anthu osamva. Iwo anaona ndi maso awo munthu akulephera kupuma pakati pa usiku, ndipo mantha oterowo sachoka msanga mumtima. Ndiponso maganizo awowa ndi omwe madokotala enieniwo anali nawo kwa zaka zambiri. Mpaka cha m'ma 1950, munthu amene wadwala mtima mwadzidzidzi ankamugoneka pabedi kwa milungu 6, osaloledwa ngakhale kudzisambitsa yekha. Mu 1952 madokotala awiri a ku Boston m'dziko la America, Samuel Levine ndi Bernard Lown, analemba za odwala amene iwo ankawadzutsa n'kuwakhazika pampando, ndipo ngakhale anzawo ambiri ankaona ngati akuika miyoyo ya anthu pachiswe, odwalawo ankapeza bwino.

Kuopsa kwa kungogona kunaonekera poyera mu 1966 mumzinda wa Dallas, pamene anyamata 5 athanzi a zaka 20 anagonekedwa pabedi kwa milungu 3 pofuna kuona zimene zingachitike m'matupi awo. Atadzuka, mphamvu ya thupi lawo yogwiritsa ntchito mpweya inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo 4. Patatha zaka 30 anthu omwewo anayezedwanso, ndipo zinapezeka kuti milungu 3 ya pabedi ija inawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukula zinawafooketsera. Ngati mnyamata wathanzi amafooka chotere, munthu wa zaka 64 amene ali ndi mtima wodwala amafooka mofulumira kwambiri, ndipo kuwonda kwa miyendo kumene mwakuonako ndi umboni woti zimenezi zayamba kale kuchitika.

Anthu ambiri amaganiza kuti kubanika ndi kutopa kwa wodwala ameneyu kumachokera mumtima mokhamokha, koma mbali yaikulu ya vutoli imakhala m'minofu ya miyendo ndi m'mitsempha ya magazi. Mtima ukafooka, thupi limafinya timitsempha ting'onoting'ono pofuna kusungira magazi ubongo ndi ziwalo zina zofunika, ndipo minofu ikakhala nthawi yaitali ikulandira magazi ochepa komanso isakugwira ntchito, imafota n'kuyamba kulephera kutenga mpweya wa okosijeni ngakhale m'magazi ochepa amene afikawo. Minofu yoteroyo imatopa msanga, n'kutumiza uthenga ku ubongo woti munthu apume mofulumira ndiponso kuti mtima ugunde kwambiri, choncho kaulendo kakang'ono kopita kuchimbudzi kamamusiya munthu ali wefuwefu. Akaona zimenezi amachita mantha n'kukhala pansi, ndipo kukhala pansiko kumapitiriza kufotetsa minofu ija. Munthu akayamba kuyenda tsiku ndi tsiku, mitsempha imayambanso kumasuka, minofu imazolowera kugwiritsa bwino ntchito magazi amene ikulandira, ndipo akatumba amathandiza kukankhira magazi m'mwamba kuti abwerere kumtima. Zili ngati mkulu wopalasa njinga amene mphamvu zake sizingabwerere mwakale, koma mukamupopera matayala n'kuthira oilo patcheni, amafika kutali asanatope.

Zimenezi zinayesedwa pa anthu ambiri. Kafukufuku wotchedwa HF-ACTION, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anatsatira odwala 2,331 a mtima wofooka ku America, Canada ndi France, ndipo theka la iwo linkachita masewera olimbitsa thupi kuwonjezera pa mankhwala. Masewerawo sanawaike odwala pangozi yoposa ya anzawo amene sankachita, odwalawo ankamva bwino m'thupi, ndipo atawerengera kusiyana kwa kukula kwa matenda awo, chiwerengero cha omwalira kapena ogonekedwanso m'chipatala chinatsika ndi pafupifupi 11 pa 100 alionse. Mu 2021 kafukufuku wina wotchedwa REHAB-HF anaona anthu 349 a zaka 60 kapena kuposerapo amene anali atangogonekedwa kumene chifukwa cha mtima, ngati bambo anu, ndipo patatha miyezi 3 amene anaphunzitsidwa masewera ankadzuka pampando, kuyenda ndi kuima bwino osadzandira kuposa anzawo. Sindikufuna kukulonjezani zoposa zimene zinapezekazo. Kuyenda sikubwezeretsa mtima mwakale ndipo sikulowa m'malo mwa mankhwala, koma kumam'bwezera munthu mphamvu yodzisambitsa, yopita kumunda kukaona mbewu zake ndi yokakhala pakati pa anzake, ndipo kwa ine chimenechi ndi chinthu chachikulu kwambiri.

Uphungu umenewu ndi wa wodwala amene matenda ake akhazikika, kutanthauza kuti kutupa kwaphwa, sakubanika akakhala phee, ndipo kwa milungu ingapo zinthu sizikuipiraipira. Pali odwala ena amene tizitseko ta mumtima mwawo tinaphinjika kwambiri, kapena amene mtima wawo kapena kachikopa kokuta mtima kangoyamba kumene kutupa, ndipo amenewa sayenera kuyamba masewera paokha. Popeza bambo anu anaunikidwa ndipo amene anawaunikawo ndi omwe anawauza kuti aziyenda, chilolezo ali nacho kale.

Ayambe ndi mphindi 5 zokha, kawiri pa tsiku, pamalo osalala opanda chitunda, monga kuchoka pakhonde kukafika pakhola n'kubwerera, ndipo pakati pa njirayo muikepo kampando kuti akafuna kupuma asasowe pokhala. Ngati mphindi 5 zawachulukira, ayende mphindi imodzi, apume mphindi imodzi, kenaka ayendenso, chifukwa kuyenda modukizadukiza kumapindulitsanso. Masiku awiri kapena atatu alionse awonjezere mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo cholinga chikhale choti pakatha miyezi iwiri kapena itatu azitha kuyenda mphindi 20 mpaka 30 pa masiku 5 pa mlungu. Choyamba kuwonjezera ndi nthawi, liwiro libwere pambuyo. Poyamba ulendo ndiponso pomaliza aziyenda mwapang'onopang'ono kwambiri, chifukwa kuima mwadzidzidzi kumachititsa kuti magazi atsalire m'miyendo n'kubweretsa chizungulire, makamaka kwa munthu amene akumwa enalapril ndi Lasix.

Muyeso wabwino wa liwiro ndi kulankhula. Amene akuwaperekeza aziwachezetsa, ndipo ngati bambo akutha kuyankha chiganizo chonse osadukiza, liwirolo ndi loyenera, koma ngati akutulutsa mawu amodziamodzi akupumira pakati, achepetse kapena akhale pansi. Kupuma mofulumirako pang'ono ndi kutentha m'thupi si zoopsa. Asayende atangodya nsima kumene, adikire ola limodzi kapena awiri, ndipo popeza Lasix amakodzetsa kwambiri m'maola oyambirira, ndi bwino kusankha nthawi imene kukodza kwachepa. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ayende m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi adikire kuti kunja kufunde.

Pakatha milungu itatu kapena inayi akuyenda bwino, awonjezere zolimbitsa minofu masiku awiri kapena atatu pa mlungu. Chofunika kwambiri ndi kudzuka pampando ndi kukhalanso, kasanu poyamba kenaka mpaka ka 10, pampando wolimba wotsamira kukhoma. Angathenso kugwira khoma n'kumakweza zidendene, komanso kunyamula botolo la madzi la theka la lita m'dzanja lililonse n'kumapinda mikono. Pochita zonsezi asamagwire mpweya m'chifuwa, azitulutsa mpweya pa nthawi imene akugwiritsa mphamvu.

Tsopano mvetsetsani mbali iyi, ndipo muwawerengere amayi anu mokweza. Bambo asiye kuyenda nthawi yomweyo akamva kupweteka kapena kupanikizika pachifuwa, makamaka kukamafalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, akamva chizungulire ngati akomoka, akatuluka thukuta lozizira, kapena mtima ukayamba kugunda mothamanga ndi mosalongosoka. Zimenezi zikapanda kutha atapuma mphindi zingapo, pitani nawo kuchipatala osadikira kuti kuche. Palinso masiku amene sayenera kuyenda n'komwe: pamene ali ndi malungo kapena thupi latentha, pamene akutsekula m'mimba kapena kusanza, pamene akubanika ali chikhalire, ndiponso pamene madzi ayambanso kudzadza m'thupi. Ngati muli ndi sikelo, ayezedwe m'mawa uliwonse atakodza koma asanadye, ndipo akawonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku 3, amenewo ndi madzi osati mafuta. Ngati sikelo mulibe, dinikizani chala chachikulu pamsongolo kwa kanthawi kochepa n'kuchotsa, ndipo pakatsala kadzenje kamene sikakufufuma msanga, kapena nsapato zikayamba kuthina, kapena akayamba kufuna mitsamiro yambiri kuti agone, pitani kukliniki tsiku lomwelo ngakhale tsiku limene anakulemberani lisanakwane.

Pa nkhani ya amayi anu, musalimbane nawo. Apempheni kuti akhale iwowo operekeza bambo pa maulendo a m'mawawo, ndipo ulendo wotsatira wa kukliniki mupite nawo kuti akadzifunsire okha. Munthu amene wakhala akuteteza mwamuna wake pomuletsa kudzuka amafunika kupatsidwa njira ina yomutetezera, ndipo kuyang'anira zizindikiro ndatchulazi ndi ntchito imene angaigwire bwino kuposa wina aliyense pakhomopo. Nkhope yakugwa imene mwaitchula musainyalanyaze, chifukwa matenda a maganizo ndi ofala pakati pa odwala mtima ndipo amachititsa kuti munthu asiye kumwa mankhwala. Ngati tchalitchi chili kutali, apite pa njinga atakwezedwa, koma asasiye kuonana ndi anthu.

FUNSO

Adokotala, ndine mlimi wa fodya ndi chimanga wa zaka 51. Chaka chatha anandipeza ndi BP ya 170/100 ndipo ndikumwa HCT ndi amlodipine. Atandijambula pachifuwa anati mtima wakulako pang'ono, koma sinditupa ndipo sindibanika. Anamwino akuti ndizichita masewera olimbitsa thupi. Ine khasu ndimaligwira kuyambira m'bandakucha, matumba a feteleza ndimanyamula ndekha, ndiye masewera enawo ndi a chiyani? Kodi zimenezi si za anthu a m'tauni okhala m'maofesi?

Mlimi, Santhe

YANKHO

Bambo, mbali ina mukunena zoona, chifukwa mlimi amagwiritsa ntchito thupi lake kuposa munthu wa muofesi, ndipo sindingakuuzeni kuti mukaweruka kumunda mutapanga mizere tsiku lonse muyambenso kuthamanga mumsewu. Koma BP si matenda a m'tauni okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 3 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kumidzi ndi m'matauni momwe, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kafukufuku wina wa mu 2012, amene anaona odwala 1,006 ogonekedwa chifukwa cha mtima wofooka m'mayiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi Uganda, anapeza kuti pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse anafika pamenepo chifukwa cha BP, ndipo msinkhu wawo wapakati unali zaka 52. Inu muli pa msinkhu umenewu, ndipo kukula kwa mtima kumene anakuuzaniko ndi chenjezo limene labwera nthawi yokonza zinthu ikadalipo.

Ntchito ya kumunda ndi masewera amene anamwino akunenawo siziukhudza mtima mofanana. Chimene chimatsitsa BP ndi kuyendetsa minofu ikuluikulu mosalekeza, pa liwiro lofanana, munthu akupuma momasuka, kwa mphindi 20 kapena 30, kenaka n'kupumula. Kwa munthu wa BP, kuchita zimenezi nthawi zonse kumatsitsa nambala ya pamwamba ija ndi 5 mpaka 8, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi mphamvu ya piritsi limodzi. Koma pamene mukukweza thumba la makilogalamu 50 paphewa, kukoka jeke podinda fodya, kuzula chitsa kapena kukankha ngolo imene yatitimira m'matope, mumagwira mpweya n'kulimbitsa thupi lonse, ndipo pa kanthawi kameneko BP imakwera kwambiri mwadzidzidzi. Mtima umene wayamba kale kukula umavutika ndi kukwera kotereku. Vuto lina ndi loti ntchito ya mlimi imayendera nyengo. Kuyambira pa kukonza nazale ndi kupanga mizere mpaka pa kukolola thupi silipuma, pamene mbewu zikalowa m'nkhokwe ndipo fodya wapita kumsika, abambo ambiri amakhala miyezi ingapo ali pa bawo.

Choncho m'miyezi yopanda ntchito yambiri, yesetsani kukwanitsa zimene bungwe la WHO limalimbikitsa kwa akuluakulu onse, zomwe ndi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, kapena kuti mphindi 30 pa masiku 5. Kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga yopanda katundu pamsewu wosakwera n'kokwanira, ndipo ulendo wa kumsika kapena wokaona abale ungathe kukhala masewera anuwo. M'nyengo ya dzinja musawonjezere china, koma sinthani kagwiridwe ka ntchito. Lawirirani kumunda n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo, pumani pamthunzi pafupipafupi, thumba la feteleza ligaweni pawiri kapena mugwirizane ndi mnzanu, ndipo ponyamula chilichonse cholemera muzitulutsa mpweya. Tsiku limene mwayezetsa n'kupeza kuti BP yafika 180/110 kapena kuposerapo, musagwire ntchito yolemetsa ndipo musachite masewera mpaka aisinthe ndi mankhwala.

Popeza ndinu mlimi wa fodya, dziwaninso kuti chikonga cha m'masamba aawisi chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka masambawo akanyowa ndi mame kapena mvula, ndipo chimabweretsa nseru, chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima. Pothyola fodya valani malaya a manja aatali, ndipo akanyowa sinthani n'kusamba ndi sopo. Ngati mumasuta, kusiya kudzathandiza mtima wanu kuposa china chilichonse chimene ndalemba pano. Mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, ndipo muwerengere ndi mchere wa mu usipa wouma, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo komanso soda wa m'therere. Thupi likaphwanya mutachoka kumunda, musazolowere kugula Brufen, Indocid kapena diclofenac, chifukwa mankhwala amenewa amakweza BP, amasunga madzi m'thupi ndipo amawononga impso, pamene Panado alibe vuto limeneli mukamamwa pa mlingo woyenera.

Chithunzi cha pachifuwa pachokha sichinena mphamvu imene mtima ukupopera magazi. Funsani kukliniki yanu ngati n'kotheka kuunikidwa ndi sikani ya mtima, ndipo ngati pamalopo palibe, angathe kukulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

FUNSO

Adokotala, ndili ndi zaka 26 ndipo ndinabereka mwana wachitatu miyezi 4 yapitayo. Patangotha milungu itatu ndinayamba kutupa ndi kubanika, ndipo kuchipatala anati mtima wanga unafooka chifukwa cha uchembere. Ndikumwa mankhwala ndipo ndikupezako bwino, koma ndikasenza ndowa kuchokera kumjigo ndimafika pakhomo maso ali mdima. Ndinatengedwa chitengwa, ndipo apongozi anga akuti ndi ulesi chabe chifukwa iwo anabereka ana 8 osadwalapo. Kodi ndipitirize ntchito zimenezi kuti thupi lizolowere?

Mayi wa khanda, Mtunthama

YANKHO

Mayi, ayi, musapitirize, ndipo si ulesi. Matenda anuwa ndi odziwika bwino. Amagwira amayi kumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyambirira atabereka, amapezeka kwambiri pakati pa amayi a mu Africa, ndipo amatha kugwira ngakhale mayi amene anabereka kale ana ena popanda vuto. Mdima umene mukuuona m'masowo ukusonyeza kuti pa nthawi imeneyo ubongo sukulandira magazi okwanira, ndipo mayi angathe kugwa ali ndi mwana kumbuyo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mukawonjezera khanda la makilogalamu 6 kapena 7, mtima umene ukuyesetsa kuchira mukuusenzetsa katundu woposa mphamvu zake. Kusenza madzi, kusinja ndi kusenza nkhuni zikhale za ena mpaka adokotala atakulolani.

Izi sizikutanthauza kuti muzingogona. Tsatirani ndondomeko ya kuyenda imene ndafotokoza m'yankho loyamba lija, koma poyamba muziyenda mwana mutamusiyira wina, ndipo ntchito monga kusadzula ndiwo, kutsuka mbale ndi kuchapa matewera muzizigwira mutakhala pansi, mukupumira pakati. Amayi ambiri odwala matendawa mtima wawo umabwerera mwakale m'miyezi 6 mpaka chaka, ena umabwerera pang'ono chabe, ndipo njira yodziwira ndi kuunikidwanso ndi sikani, kawirikawiri pakatha miyezi 6. Ngakhale mutamva kuti mwachira musasiye mankhwala panokha. Pemphaninso kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi, komwe n'kofala kwa mayi amene wangobereka, kumawonjezera kubanika.

Nkhani ina imene sindingaisiye ndi ya mimba yotsatira. Kutenga pakati mtima usanachire kungathe kuika moyo wanu pangozi yaikulu, ndipo ngakhale utachira matendawa amatha kubwereranso. Mankhwala ena a mtima monga enalapril amavulaza mwana wosabadwa, ngakhale kuti mayi woyamwitsa amaloledwa kumwa. Pitani kukliniki ya kulera ndipo mukanene za matenda anuwa musanasankhe njira, chifukwa mapiritsi olerera okhala ndi mahomoni awiri sayenera mayi wa mtima wofooka, pamene njira ya pamkono ndi lupu n'zimene kawirikawiri zimalimbikitsidwa. Ulendo wotsatira wa kuchipatala mupite ndi amuna anu pamodzi ndi apongozi anuwo, ndipo mupemphe adokotala kuti awafotokozere okha, popeza mawu amene mtengwa sangathe kuwanena kwa apongozi ake amamveka mosavuta akachokera kwa dokotala.

FUNSO

Adokotala, ndili ndi zaka 58 ndipo anandipeza ndi vuto la kuchepa kwa njira za magazi opita kumtima, chifukwa ndinkamva kupanikizika pachifuwa ndikamakwera chitunda. Ndikumwa aspirin, atenolol ndi isosorbide. Ndimayenda mphindi 30 m'mawa uliwonse, koma wotchi yanga imasonyeza kuti mtima sugunda kuposa ka 95 pa mphindi. Kodi ndikupindula? Funso lina ndi lochititsa manyazi: akazi anga akuopa kukhala nane malo amodzi, akuti ndingafere pomwepo.

Bambo wosafuna kutchulidwa, Kasungu Boma

YANKHO

Bambo, mukupindula ndithu. Ntchito ya atenolol ndi kuchepetsa liwiro la kugunda kwa mtima kuti usamafune magazi ochuluka, choncho nambala ya pawotchiyo siingakwere ngati ya munthu amene sakumwa mankhwalawa, ndipo musadzikakamize kuthamanga pofuna kuikweza. Dziyezeni ndi kulankhula, ndipo liwiro lanu likhale lochepera pa limene limayambitsa kupanikizika kwa pachifuwa. Yambani ulendo uliwonse ndi mphindi 5 mpaka 10 za kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa kutero kumachedwetsa ululuwo. Ngati ululu wayamba kubwera pa mtunda waufupi kuposa kale, kapena ukubwera muli chikhalire, siyani kuyenda ndipo muonane ndi dokotala tsiku lomwelo. Atenolol musamusiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero kungadzutse ululu woopsa.

Funso lachiwirilo musachite nalo manyazi, chifukwa mabanja ambiri amavutika nalo mwakachetechete. Mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito pa nkhani ya m'banja imafanana ndi ya kuyenda mwandawala kapena kukwera masitepe a nsanjika ziwiri, ndiye ngati mukutha kuchita zimenezi popanda kupweteka pachifuwa kapena kubanika kwambiri, ngozi yake ndi yochepa. Sankhani nthawi imene mwapumula, osati mutangodya kwambiri kapena mutamwa mowa, ndipo ululu ukayamba siyani. Chimene ndikukuletsani mwamphamvu ndi mapiritsi owonjezera mphamvu za abambo monga sildenafil, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Viagra, pamodzi ndi ena ofanana nawo ogulitsidwa m'misika popanda chikalata cha dokotala. Mapiritsi amenewa akakumana ndi isosorbide m'thupi, BP imatha kutsika mwadzidzidzi mpaka munthu kukomoka kapena kumwalira. Ngati mwaona kuti mphamvu zachepa chiyambireni mankhwala, uzani dokotala wanu kuti aone ngati angasinthe mankhwalawo, ndipo pa ulendo umenewo mupite ndi mayi a kunyumba kuti nawonso akafunse zimene zikuwadetsa nkhawa.